Miyendo Yaganyu pa Phiri la Chifukautsi

Miyendo iwiri yachitsulo inadzuka yokha pakhomo pa tenti, n'kugwada kuti a Thombozi alowetsemo yawo yofookayo. Malamba anadzimanga okha m'chiuno ndi pachifuwa, kanyali kobiriwira kanayaka, ndipo bambo amene anatha zaka zisanu ndi zinayi ali pampando anaimirira njo!

Chinali chaka cha 2087. Makinawa ankabwerekedwa pachipata cha paki ya Chifukautsi, phiri lija lofuka utsi chaka chonse. Dzina lawo lenileni linali lalitali moti palibe ankadzivuta nalo, anthu ankangoti miyendo yaganyu. Miyendoyi inkaona njira, inkanunkhiza mpweya wotuluka m'ming'alu, komanso inkamvetsera mtima wa munthu woivala.

"Ndaziona, taona! Lero ndakuposa msinkhu," anatero mkuluyo.

"Ababa, matama ayambika? Imwani kaye tiyi," anayankha mwana wawoyo, akupukuta m'maso mobisa.

A Thombozi anasenza katundu wa alendo paphiri limeneli zaka makumi atatu, makina asanalande ntchito ya amtengatenga. Amtengatengawo anali ndi mwambo wawo. Munthu akamasiya ntchito ankatola mwala patsinde pa phiri, kukwera nawo, n'kukauika pamulu umene uli pakamwa penipeni pa phirilo, potsazika. Anzawo onse anatsazika. Iwo okha sitiroko inawagwetsa mwala uli kale m'thumba, ndipo chiyambire ankagona nawo kumutu. Dokotala anali atanena mosapita m'mbali kuti ulendo uno ndi wotsiriza.

Ananyamuka pamsasa dzuwa likungotuluka. Njira inali ya phulusa lakuda, nthaka yofunda, fungo ngati la mazira owola. Ndaziona ankapuma wefuwefu pomwe bambo ake ankangoti nyang'anyang'a patsogolo, pakamwa posatseka.

"Paming'alu apa tinkawiritsa mazira ndi nthunzi yokha, osasonkha moto. Tsiku lina mnzanga Bwanali anaikapo nsapato zake kuti ziume, zinapserera, anatsika phiri wopanda nsapato!"

Anaseka mpaka kutsokomola. Zoona, Ndaziona anali ataiwala kuti bambo ake amatha kuseka chotero.

Dzuwa lili paliwombo anatulukira pachitunda chotsiriza, ndipo mulu wa miyala uja unaonekera, mtunda wosakwana bwalo la mpira. A Thombozi anayamba kuloza miyalayo.

"Wofiirawo ndi wa Bwanali," ananong'ona. "Wathyathyathyawo ndi wa Kachingwe. Onse ali pompo, mwanawe. Akudikira ine."

Misozi inatsika, mtima unayamba kugunda mwamphamvu. Pomwepo kanyali kaja kanasanduka kofiira.

"Pepani, agogo," anatero mawu aulemu ochokera m'lamba. "Mtima wanu wathamanga kwambiri. Ndikukubwezani kumsasa."

Miyendo ija inatembenuka n'kuyamba kutsika nawo.

"Ayi! Imani! Sindikudwala ine!" anakuwa a Thombozi, akuyesa kugwira matanthwe ndi dzanja limene sitiroko inawasiyira lamoyo. Koma waganyu ameneyu analibe khutu lomvera madandaulo. N'zomvetsa chisoni kuona munthu wamkulu akubedwa ndi miyendo imene wavala yekha, nkhope itapotolokera kumbuyo.

Ndaziona anathamangira pambuyo uku akuimbira foni kuchipata. Mayi amene anayankha anali wachifundo, koma analibe chochita.

"Achemwali, ikatembenuka yatembenuka, ngakhale ife sitingaiuze zina. Anaikonza choncho kuti isamataye anthu. Mukakoka kachingwe kofiira kumbuyo iwamasula, koma siwakwezanso. Mukatero tikutumizirani machira ouluka, afika pakatha ola."

Walira mvula walira matope. Ndaziona anakoka kachingweko. Miyendo inagwada, inawatula bambo ake paphulusa mosamala ngati dzira, kenako inadzuka n'kupitiriza ulendo wotsika yopanda munthu, ikuyenda mwaulemu ngati kuti yagwira ntchito yotamandika.

A Thombozi anatulutsa mwala uja, wosalala chifukwa chogwiridwagwiridwa.

"Tenga, ukandiikire. Basi, kwanga kwathera pano."

"Mwambo wake umatero?"

Onse awiri ankadziwa kuti mwala wotumiza suwerengedwa.

Ndaziona anamasula chitenje m'chiuno, anagwada n'kuwalozetsa msana.

"Kwerani, ababa."

"Iwe! Unaona kuti mwana wamkazi akubereka bambo wake? Anthu akamva ndiyang'ana kuti?"

"Anthu ake ati? Kuno kuli miyala yokhayokha. Inu munasenza zikwama za anthu osawadziwa n'komwe kuti ine ndiphunzire. Lero katundu ndinu, ndipo katundu sayankhula."

Mkuluyo anaseka misozi ili m'masaya, n'kukwera. Anali wopepuka moti Ndaziona anamva kuwawa mumtima. Komabe phiri ndi phiri. Phulusa linkaterereka, ndipo kawiri konse anagwada pansi. Pamsana pake ankamva mtima wa bambo ake ukugunda ngati ng'oma. Anachita mantha pang'ono, kenako anakuzindikira kugundako. Kunali kugunda kwa chimwemwe komwe kuja anakumva tsiku limene bambo akewo anamukumbatira atalandira digiri yake.

"Ponda kumanzere, pamwala wakudawo," ankamulangiza kukhutu. "Usayang'ane pamwamba. Werenga mapazi."

Atafika, utsi unkakwera mwakachetechete kuchokera m'dzenje lalikulu la pakamwa pa phirilo. A Thombozi anatambasula dzanja ali kumsana komweko, n'kuika mwala wawo pambali pa wofiira uja.

"Bwanali, ndachedwa, koma ndafika. Chifukautsi, ndapita ine. Zikomo pondisunga."

Anakhala pansi moyandikana kudikira machira aja. Kutali kumunsi, miyendo yaganyu inkaoneka ngati kanyerere, ikutsikabe yokhayokha. Inali itawerenga kugunda kulikonse kwa mtima wa a Thombozi osaphonya ngakhale kumodzi, koma kuti munthu adziwe chimene mtimawo unkagundira, panafunika msana wa mwana wawo.