Nyali za pa Bwalo la Feston Jere

Mvula yoyamba itagwa, anthu okhala m'mbali mwa msewu wa ku Luwawa anayamba kuona zachilendo pa bwalo lakale la ndege. Bwalolo linali ladothi, lopanda magetsi, ndipo kandege ka oyang'anira nkhalango kankaterapo masana okha. Koma tsopano mdima ukangogwira, nyali zinkayaka kumapeto kwake m'mizere iwiri yowongoka ngati yoyezedwa ndi chingwe.

Mlonda wa bwalolo anali Feston Jere, bambo wokonda kuphunzitsa anzake. Kale ankatchetcha udzu pa bwalo lalikulu la ndege mumzinda, choncho ankafotokozera aliyense kuti nyali za m'mizere ndizo maso a woyendetsa ndege usiku, pakuti zimamuonetsa polunjika ndi potsikira, ndipo popanda izo angatere m'mitengo. Nzeru zimenezi ndizo zinamuputira tsoka.

"Ndaninso wina amadziwa kuyalira ndege nyali?" ankanong'onezana motero amayi kuchigayo. Pofika Lamulungu, mbiri inali yoti Feston amalandira ndege za afiti.

Wezi, mwana wake wamkazi, anali pafupi kukwatiwa ndi Themba wa ku Manyamula. Lolemba kunabwera Kalebe, thenga wa ukwatiwo, chipewa chili m'manja.

"Adada Jere, ng'ombe za malowolo ziyambe zaima. Akwawo kwa mnyamata akuopa chomene."

Usiku umenewo Feston anasuzumira pazenera la kanyumba kake, nawerenga nyali khumi ndi zinayi. Mphepo inkabweretsa kulira kwa chitsulo, *ngwe, ngwe*, kenako zii. Usiku wachiwiri analimba mtima nayenda mpaka pakati pa bwalo, achule akulira mbali zonse. Kutsogolo kwake kunadzuka nkhope yopanda thupi, yowala kuyambira kuchibwano, ikung'ung'udza nyimbo. Feston anathawa, nasiya jombo imodzi m'matope. Atafika kunyumba anapeza Wezi akulira mwakachetechete, ndipo zimenezo zinamupweteka koposa mantha.

Usiku wachitatu Feston anamugwira dzanja Kalebe kuti akakhale mboni. Kunja kunali bii, nthaka ikununkhira mvula. Anakwawa m'udzu wonyowa.

"Tsogolani, bwaloli ndi lanu," ananong'ona Kalebe.

"Thenga ndiye amatsogola, a Kalebe."

"Pa ukwati, osati pa maliro!"

Atayandikira, mpweya wonse unadzaza ndi phokoso lofewa ngati la masamba ouma, ndipo tinthu tosaoneka tinayamba kuwakhudza m'makutu ndi m'khosi. Kalebe anatsegula pakamwa kuti akuwe, kanthu kena nkulowamo. Kenako anatafuna pang'onopang'ono.

"Adada," anatero, "ufiti uwu uli ndi mafuta. Izi ndi ngumbi!"

Anaimirira onse awiri. Pansi pa nyali iliyonse panali chulu ndi ndowa yachitsulo yamadzi, pakuti zulu zinamera motsatana pa mitumbira ya dothi limene linakankhidwira m'mbali pokonza bwalolo. Amayi anayi ankakokolola ngumbi zimene zinkathamangira kuwala. Wamkulu wawo, tochi ili pachifuwa, anali NyaGausi, azakhali ake a Themba yemweyo, amene anakwatiwa m'mudzi wapafupi.

"Ndapota, asebele, musakwiye," anatero mayiyo akugwada. "Ine ndinangoopseza mayi mmodzi kuchigayo ndi nkhani ya ndege za afiti kuti anthu asatilande zulu zathu. Dzina lanu anawonjezera okha!"

Kalebe anaseka mpaka kukhala pansi m'matope. Feston anayesa kukwinya nkhope, koma inakana.

"Amama, nyali izi muziyale mobalalika. Woyendetsa ndege wosokera akaziona chonchi adzayesa ndi potera, mbwenu adzagwera m'ndowa zanu. Ndipo mawa mukafotokoze nokha ku Manyamula."

"Yewo, ndipita. Kodi ndinyamule chiyani?"

"Umboni," anayankha Kalebe, akutapa m'ndowa.

Loweruka m'mawa Wezi anamva mabelu a ng'ombe kumsewu, nathamangira pakhomo. Ng'ombe zisanu zinkabwera, ndipo patsogolo pake pankayenda NyaGausi, maso ali pansi, akuyankha moni wa mudzi wonse umene unatuluka kudzamuona, nkumamutcha woyendetsa ndege.