Nyimbo Yodukira Panjira

A Zelipa amati nyimboyo inalira masiku atatu okha, ndipo amawatchula: Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu. Faith, mwana wa aneba awo, amati inalira masiku anayi, pakuti iye anali m'nyumbamo ndipo makutu ake ndi abwino. Onse awiri si anthu abodza. Amakhala moyandikana ku Nabvutika, mpanda wa maudzu wokha ndiwo umawalekanitsa, koma mpaka lero sanamvane za tsiku lotsalalo.

Chinali chaka cha chilala, pamene malaiti ankathima tsiku lonse n'kubwera usiku cha m'ma 21 awazi, mwina osabwera n'komwe. Bambo a Faith, a Simoni, anali atamwalira miyezi iwiri yapitayo. Iwo anabadwira ku Tamanda, m'banja la akulu a mpingo wa kumishoni, koma analowa Chikatolika kuti akwatire a Elesi, amayi a Faith, ndipo achibale awo sanaiwale. Pamaliro panali kung'ung'udza kuti munthuyo akuikidwa ndi nyimbo zachilendo. A Simoni eni ake sanadandaulepo ali moyo. Chokhacho n'chakuti akamakonza njinga ankang'ung'uza nyimbo ina ya m'buku la kwawo, n'kumadukira pa mzere wachitatu nthawi zonse, ngati munthu wakumbukira kuti akumveka.

Anasiya wailesi yakale ya mabatire, singano yake ili pamalo pamene ankasakira masiteshoni akutali. A Elesi sanaisunthe singanoyo. Madzulo ankaiyatsa motsitsa, n'kumamvera kufwafwaza kwake, chifukwa m'nyumba munkakhala zii kwambiri.

Lolemba lija, malaiti atangobwera, kufwafwazako kunasintha. Poyamba kunamveka kuthetheka, ngati nkhuni zaziwisi pamoto. Kenako m'kuthethekamo munatuluka liwu lokalipa, losasa, lopanda mawu, longa la mavu otsekeredwa m'botolo, ndipo liwulo linakwera, linatsika, linakweranso. Faith, amene ankasita yunifomu yake ya kusitolo, anaima ndi simbi m'manja. Mzere woyamba unatha. Wachiwiri unatha. Pakati pa wachitatu liwulo linaduka, ndipo panatsala agalu okha akuuwa kumtunda.

A Elesi sanalire. Anangoti, monong'ona, "Atate ako."

Faith anayesa kunena kuti mwina ndi siteshoni ya tchalitchi ya kutali, koma ankadziwa kuti palibe kwaya imene imaimba chotero. Lachiwiri anadikira ndipo sikunamveke kanthu. Lachitatu inabweranso, n'kudukira pomwepo, ndipo babu la m'chipinda linkaphethira motsatira nyimboyo. Kuyambira tsiku limenelo a Elesi anasiya kudya. Anasiyanso mankhwala awo a BP. Ankati munthu woitanidwa sadya, amangokonzeka. Ankati a Simoni akudandaula kuti anawagoneka pakati pa alendo, ndipo sangamalize nyimbo yawo kufikira mkazi wawo atapita kukawapepesa.

Nkhani inayenda m'komboni. Ena ankati achibale a ku Tamanda atumiza zimenezo. Ena ankati aona kuwala kobiriwira kukuthwanima pansi pa malata a nyumba ina, koma sankagwirizana kuti ndi iti. Amayi a m'mphakati wa kutchalitchi anabwera kudzapemphera korona, anawaza madzi odalitsidwa pa wailesi, ndipo Lachisanu nyimboyo inalira iwo ali pomwepo. Awiri anatuluka osatsazika. Faith anafuna kuiponya wailesiyo m'chimbudzi, koma amayi ake anaikumbatira pachifuwa ndi mphamvu imene sankadziwa kuti akadali nayo.

Lamulungu malaiti sanabwere. Komboni yonse inali mdima wa ndiwe yani, kopanda ngakhale phokoso la mafiriji. Faith amati anali atakhala pamkeka pafupi ndi amayi ake, kandulo itatsala pang'ono kutha, pamene kuthetheka kuja kunayamba, motsika kuposa masiku ena, ndipo nyimbo inayenda pang'onopang'ono mpaka pa mzere wachitatu.

Mmawa wake ankasesa pabwalo maso ali otupa, ndipo mosadziwa anayamba kung'ung'uza nyimboyo, n'kudukira pamene imadukira. Kuseri kwa mpanda a Zelipa anali kuyanika zovala. Anamva, ndipo malaya anawagwa m'manja.

Amuna awo, a Gerson, ndi mphunzitsi wa sayansi ku sekondale, nawonso obadwira ku Tamanda. Kuyambira ali mwana ankakonda mawaya. M'kachipinda ka kuseri anali atapanga chinthu chimene anachilakalaka kwa zaka zambiri: paipi yokulungidwa ndi waya wa kopa wopyapyala, yokhala ndi mbale yachitsulo pamwamba, imene imalavula moto wa magetsi wautali ngati mkono. Motowo ukamathetheka mofulumira kapena mochedwa umatulutsa liwu, choncho makinawo amatha kuimba. A Gerson anawapatsa nyimbo imene inali pafupi m'mutu mwawo, ya m'buku la kwawo. Sinkafika kumapeto chifukwa pa mzere wachitatu makinawo ankatentha n'kudzithimitsa okha. Ankawayesa malaiti akangobwera, zitseko zili zotseka, atatchinga zenera ndi bulangete.

A Zelipa anadikira kuti amuna awo abwere kusukulu, anatseka chitseko, n'kuwauza zonse motsitsa mawu. A Gerson anakhala pansi. Ankalidziwa lamulo, ankaliphunzitsa ngakhale kwa ana: chipangizo chimene chikulowerera m'mawailesi a anthu ena chiyenera kuthimitsidwa, ndipo a boma oyang'anira za mawailesi ali ndi mphamvu yochilanda. Ankadziwanso kuti makina otero amafunika kuwatsekera m'khola la waya wa sefa lolumikizidwa pansi, kuti phokoso lake lisatuluke. Sefayo anali ataigula kale. Inali yokulungidwa kuseri kwa chitseko, akuti adzaimanga makina akayamba kuimba bwino. Ankaganiza kuti masiku ano aliyense amamvera wailesi pa foni.

"Muwaphwasule mwakachetechete," anatero a Zelipa. "Nyimbo ikasiya, amayiwo adzadya."

"Nanga akapanda kudya?"

"Inu, mukuwadziwa anthu a muno. Mukanena kuti muli ndi chinthu cholavula moto chimene chimaimba nyimbo za akufa, mudzawafotokozera sayansi miyala ili m'mwamba? Ndiponso ndinu wa ku Tamanda. Adzati munatumidwa."

A Zelipa sankalakwa. Chaka chomwecho nyumba ya nkhalamba ina kumunsi inaswedwa mawindo pa nkhani yochepa kuposa iyi. Koma a Gerson nawonso sankalakwa ponena kuti nyimbo ikangoleka popanda wofotokoza, a Elesi adzati amuna awo atopa kuitana, ndipo adzafulumira kuwatsatira. Anakangana mpaka kunada. Malaiti anabwera, ndipo palibe anayandikira kachipinda kaja.

Lachiwiri masana, anthu ambiri ali kumsika, a Gerson anakulunga paipi ija m'chitenje cha akazi awo n'kuzungulira mpanda. Anapeza a Elesi atatsamira khoma, milomo itauma, wailesi ili pamiyendo. Anagwada pakhomo monga mwana wolakwa, anavundukula chitenje, n'kufotokoza zonse, za waya, za moto, za sefa imene sanamange. Faith ankamvetsera atagwira pakamwa. Pomaliza a Gerson anatulutsa pulayala, anadula waya wa kopa pamaso pawo, n'kuyamba kuumasula. Unali wautali kwambiri moti unadzaza mkeka.

"Ndine ndalakwa, amama. Si bambo ayi. Chonde idyani."

A Elesi sanakwiye. Anafunsa kuti nyimboyo anaiphunzira kuti, ndipo atamva kuti ku Tamanda, anagwedeza mutu.

"Ndiye munkadukiranji pamene ankadukira iwo?"

A Gerson ananena za kutentha kwa makina. Mawuwo anamveka opepuka ngakhale kwa iwo eni.

"Mwaimba kangati, aphunzitsi?"

"Katatu. Lolemba, Lachitatu, Lachisanu."

"Nanga Lamulungu?"

"Lamulungu kunalibe malaiti, amama. Ndipo ine Lamulungu sindigwira zida."

A Gerson anatembenukira kwa Faith kuti awathandize, koma Faith ankayang'ana pansi. A Zelipa amati mtsikanayo anali atakhala masiku anayi osagona, ndipo munthu wotopa amamva zimene akuopa. Faith amati mwina n'zoona, koma kandulo anaiona, ndipo dzanja la amayi ake linamufinya pa nthawi yomweyo imene iye anamva.

A Elesi anamwa phala masipuni atatu, mwina pochitira ulemu mlendo wogwada. Mankhwala anawalandira, anawayang'ana, n'kuwaika pambali pa wailesi. Anati aona madzulo. Wailesi ikakhala chete, ndiye kuti anali aphunzitsi, ndipo adzamwa. Ikalira, asawavutitsenso.

A Gerson anabwerera kwawo ndi paipi yopanda kanthu. Panalibenso china choti adule.

Kunayamba kuda. Faith anakhala pamkeka, mulu wa waya uli pambali pake, akumva amayi ake akupuma mwapang'onopang'ono m'tulo tosakhalitsa. Ankadziwa kuti makina aja aphwasulidwa, anaona ndi maso ake. Ankadziwanso zimene anamva Lamulungu. Kutali, cha ku tauni, malaiti anayamba kuyaka, mzere ndi mzere, akubwera chakuno.

Anasolola wailesi m'manja mwa amayi ake mosamala, anatsegula kumbuyo, anachotsa mabatire atsopano n'kuikamo akale amene anali m'kabati, otsala ndi mphamvu yongoyatsa kagetsi kofiira ka kutsogolo, osati yotulutsa liwu. Anaibwezera pamiyendo pawo. Atsopanowo anawamanga pa mfundo ya chitenje chake.

Babu linayaka. A Elesi anatsegula maso, anapotokola batani, kagetsi kofiira kanayaka mofooka, ndipo anayandikitsa khutu. Faith anathira madzi m'kapu, anatenga mankhwala aja m'dzanja, n'kukhala pafupi nawo kudikira.