Gasi Sanathe

Anadziwana mtsikanayo ali pamakwerero. Anali atavala ovolosi, sipanala ili m'manja, akumangirira eyakoni yatsopano mu ofesi ya mkulu woyang'anira magalimoto pakampani ina. Mwini ofesiyo, amene anzake ankamutcha Tayi chifukwa sankavula tayi ngakhale dzuwa liswe mtengo, anagwira makwererowo popanda womupempha.

"Mukafuna kugwa mugwere kuno, achemwali. Manja alipo."

"Gwirani makwerero, nkhanizo zisiyeni," anayankha mtsikanayo.

Koma nambala anapereka! Ndani akanakana? Mwamunayo anali ndi pakamwa pothira shuga. M'mawa uliwonse foni inkalira: "Wadzuka bwanji Kamphepo kanga? Popanda iwe ine ndimabanika." Masana: "Chaka chino sichitha usanavale mphete yanga." Dzina la Kamphepo linamera mpaka kuntchito kwake.

Chaka chinatha, chala chili chomwecho. Mayi ake a Kamphepo anasesa pakhomo katatu konse, mpaka kugula makatani atsopano, mlendo osaoneka.

"Kodi mkamwini wa pafoniyu nkhope ali nayo?" ankafunsa mayiwo. "Ngakhale dzina lake lenileni sindikulidziwa ine."

Tayi sankasowa chonena. "Loweruka la pa 20 ndili pa ulendo wa ntchito, wokondedwa. Ndikangobwerako ndidzagwada pamaso pa amayi. Ndalumbira!"

Lolemba lina masekeretale a pakampani ija anaimba foni. Eyakoni ya kwa a Tayi sinkazizira, inkangodontha madzi mpaka kunyowetsa mafailo, ndipo bwana wamkulu analamula kuti ikonzedwe tsiku lomwelo. Kamphepo ananyamula zida zake akumwetulira.

Tayi atamuona pakhomo anadzuka ngati wakhalira singano.

"Wakuitana ndani?"

"Moni wake ndi ameneyo?"

"Ayi, Kamphepo kanga, ndangodzidzimuka. Vuto ndi laling'ono, gasi watha basi. Pita panja ukathire, usavutike ndi zam'kati muno."

Mtsikanayo anazungulira kuseri kwa ofesi kumene kunali chigawo chakunja cha makinawo. Paipi yaikulu inali itachita ayezi mbuu. Analumikiza geji, muvi n'kuloza pansi. Wina aliyense akanangothira gasi n'kumapita. Koma iye anaphunzitsidwa kuti gasi samatha ngati mafuta a galimoto: akachepa ndiye kuti pali pamene akuthawira. Anapaka thovu la sopo polumikizira paliponse n'kudikira. Thovulo silinatukumuke ngakhale pamodzi. Mapaipi analibenso kadontho ka oyilo.

Anabwerera m'kati atanyamula makwerero.

"Palibe pamene pakutuluka gasi. Makinawa akubanika, sakukoka mpweya. Akabanika amaundana, geji n'kumanama. Ndione sefa."

Tayi anaima kutsogolo kwa makwererowo, thukuta lili kamukamu.

"Sefa ndinatsuka ndekha dzulo."

"Iwe? Woti rimoti imakuvuta?"

"Ndikuopa ungagwe, mtima wanga. Tiye tikadye kaye, ndikugulira chilichonse."

"Tsiku lija unati manja alipo. Lero aduka?"

"Ndati thira gasi!" anakuwa Tayi mpaka masekeretale anasuzumira pakhomo. "Ofesi ino ndi yanga!"

Apa m'pamene mtima wa Kamphepo unayamba kuwira. Munthu woti sanagwirepo sipanala chibadwire amuphunzitse ntchito, anthu akuonerera?

"Ofesi ndi yako, makinawa ndinamanga ndine. Suntha!"

Anakwera. Eyakoni ya pakhoma imakokera mpweya pamwamba, pamene munthu woima pansi saona. Pamwamba pamenepo panali mitolo inayi yokutidwa m'pulasitiki, yoyalidwa bwinobwino kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, osasiya mpata ngakhale wa chala.

Anang'amba mtolo umodzi. Makadi a ukwati! Oyera, a zilembo zagolide, nkhunda ziwiri zitagundanitsa milomo. Dzina lonse la Tayi linali pamenepo, pambali pake dzina la mkazi wina. Tsiku lake: Loweruka, pa 20.

Makwerero ananjenjemera, koma panalibe wowagwira.

"Ulendo wa ntchito uja ndi umenewu?"

"Kamphepo, tatsika tikambirane. Ndi achibale anandikakamiza, mtima wanga uli kwa iwe..."

"Usanditchulenso dzina limenelo!" Mawu ake anamveka mpaka kukhonde. "Kunyumba kwako ndimasesa ndine. Madirowa ndimatsegula ndikamafuna tchaja. Ndiye unaona kuti malo abwino obisa ukwati wako ndi pamakina anga? Amayi anga kugula makatani, iwe uli kalikiliki kusankha nkhunda zagolide! Unkandiona ngati chitsiru eti?"

Masekeretale anagwira pakamwa. Madalaivala awiri amene anabwera kudzatenga makiyi anangoti kakasi pakhomo. Tsiku la fote linali litakwana.

Kamphepo anaponya mitoloyo patebulo umodziumodzi. Wachitatu unaphulika, makadi n'kumwazika mpaka m'madzi aja. Misozi inkamutentha m'maso, koma analumbira kuti munthu ameneyu saiona. Anatsegula chivundikiro, anachotsa sefa n'kuikuntha, fumbi lonse n'kuthera pa tayi wa mwini ofesi. Kenako anasiya fani yokha ikuzungulira kuti ayezi asungunuke.

Mphindi makumi awiri zimenezo Tayi anayankhula zonse zimene ankadziwa. Analumbira, anapepesa, anatchula dzina la Mulungu. Mtsikanayo ankangopinda mapaipi a geji, osamuyang'ana.

Ayezi atatha anayatsa makina. Mphepo yozizira inadzaza chipinda chonse. Analemba pa pepala la ntchito n'kupatsa masekeretale: "Gasi sanathe. Mpweya unatsekedwa ndi katundu wa eni ofesi."

Anakoleka makwerero paphewa. Atafika pakhomo anabwerera, n'kutola khadi limodzi louma pansi.

"Limenelo ukupita nalo kuti?" anafunsa Tayi.

"Musaope bwana, kwa akazi anu sindipitako," anatero Kamphepo akuliika m'thumba la ovolosi. "Ndikukapatsa amayi. Chaka chonse akhala akufunsa dzina lanu lenileni."