Wotchi Imene Inadya Denga Langa

Abusa andipempha kuti ndilembe nkhaniyi kuti achinyamata a mumpingo awerenge. Ine sindine wolemba. Ndinalekeza Sitandade 6, ndipo ophunzira akapezamo zolakwika akonze okha, poti kuloza zolakwa za anzawo ndiye ntchito imene amaitha. Dzina langa ndine Benard. Ndimacheka matabwa a paini m'phiri la Zomba n'kumawatsitsa pamutu mpaka m'tauni. Khosi langali lasenza phiri lija pang'onopang'ono, ndipo latopa.

Pakhomo pathu panali pabwino. Chuma panalibe, koma phokoso panalibenso. Akazi anga a Loyce amagulitsa masitiroberi ndi mapichesi m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Mwana tili naye mmodzi, Hopewell. Anali womvera, woimba kwaya, ndipo tinamuphunzitsa mpaka Fomu 4. Vuto lathu linali denga basi. Nyumba yathu ndi yaudzu, ndipo mvula ya kuno mukuidziwa. Dzinja lililonse timakhala pakati pa mabeseni, ndipo chifuwa cha a Loyce chimayamba ndi mvula yoyamba n'kudzaleka chimanga chitauma. Ndinawalonjeza kuti asanafe adzagona pansi pa malata.

Ife osauka kubanki sitipitako. Ndalama ukaisunga imasungunuka ngati mchere, imene yagula sopo lero mawa sigulanso. Ndiye matabwa akayenda bwino, ndinkagula lata limodzi kusitolo ya a Sefu m'tauni, n'kukwera nalo pamutu. Limodzi, pakapita nthawi linanso. Zinatenga zaka. Malatawo atakwanira nyumba ya zipinda ziwiri, ndinawasanja m'kachipinda pamwamba pa njerwa, n'kuwamanga ndi waya, n'kuwafunditsa ziguduli kuti chinyezi chisawadye. Malata ukawasanja amalowana, mulu wonse sufika ngakhale kutalika kwa chikhato. Ndinawasiya choncho, n'kuyamba kuumba njerwa. Ndikadutsa ndinkangogogoda pamwamba, lata n'kulira, mtima wanga n'kukhala pansi.

Hopewell atamaliza sukulu anapeza ganyu ku Chikanda, m'kashopu kokonza mafoni a ana a kukoleji. Kumeneko ndi kumene anakumana ndi Kevin, mnyamata wina wopitapita ku Joni, wonunkhira mafuta, wopanda ntchito yodziwika.

Lamulungu lina masana tikudya, Hopewell anayamba.

"Ababa, malata anu aja akungogona. Chuma sichigona."

"Akugona m'nyumba mwanga, ndikuwaona."

"Anthu ozindikira masiku ano akusunga ndalama m'mawotchi. Osati a pamsika awa, mawotchi enieni a kunja. Ukagula chaka chino, chaka chamawa mtengo wakwera kawiri. Amati invesitimenti."

"Wotchiyo imaswa? Mbuzi imaswa. Nkhuku imaikira. Wotchi imabereka tiwotchi?"

"Simungamvetse, ababa. Izi n'za sukulu."

Sukulu yake imene ndinalipira ndi khosi langa. Ndinangosamba m'manja. Amene anayankha ndi amayi ake.

"Hope mwanangu, chinthu chosadyedwa, chosafundidwa, chosabisaliramo mvula, adzakugule ndani kuno? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndipo Kevin uyo umusiye. Munthu woyang'ana pamkono pafupipafupi koma kopita alibe, sindimukhulupirira."

Hopewell anaseka. Kale sankaseka amayi ake akamayankhula.

Kevin ameneyu ndinamuonapo. Anakwera kuphiri pa galimoto yobwereka ndi atsikana, kukajambulitsa kudamu la Mulunguzi, n'kuima pamalonda a a Loyce. Ine ndinali nditatula matabwa pomwepo kuti ndipume.

"Madala, ndinu bambo ake a Hope?" anatero, akukweza mkono kuti dzuwa ligunde pagalasi. "Mwasenza zaka zonsezi, mwaphulapo chiyani? Ichi chili pamkono pangachi chikhoza kugula nkhalango yonseyi."

"Gulani, bwana, ife tipume."

Atsikana aja anaseka. Kenako mwini nkhalango uja ananenerera kambale kamodzi ka masitiroberi mpaka a Loyce anatopa n'kumupatsa pamtengo wake.

Zimene anakambirana ku Chikanda ndinazimva pambuyo pake, kuchokera pakamwa pa Hopewell yemwe. Kevin anamuitanira kuseri kwa kashopu, n'kutulutsa wotchi m'kansalu.

"Aise, iyi ndabwera nayo imodzi yokha. Bwana wina wa ku Lilongwe akuilirira, koma iwe ndiwe m'bale wanga. Imva kulemera kwake."

"Ndalama zake ndilibe."

"Madala ako ali ndi malata akungochita dzimbiri. Sukuba, ukubwereka. Pofika Okutobala waigulitsa, wawagulira malata abuluu aja, ndi simenti pamwamba. Adzakuvulira chipewa. Kapena ukufuna nawe udzafe ndi nkhata pamutu?"

Mawu omalizawo ndiwo anamulasa. Mwana wanga ankachita manyazi ndi nkhata yanga.

Anayamba kunena kuti tsopano akupemphera ndi achinyamata anzake m'tauni. Ife tikapita kutchalitchi, iye amabwerera kunyumba, kumasula waya, kusolola malata apansi, awiri kapena atatu, n'kutsika nawo kukagulitsa ku Chikanda kumene anthu akumanga tizipinda tochititsa lendi. Ndalamazo ankapereka kwa Kevin, kulipira wotchi ija. Pamalo pake ankaikapo matabwa, matabwa anga omwe ndinacheka ndekha, kuti mulu usatsike. Akatero amamanganso waya n'kubwezera ziguduli. Anansi ankamuona. Akamufunsa ankati, "Ababa andituma." Ndani angatsutse mwana atasenza katundu wa bambo ake dzuwa likuswa mtengo? Ine ndinkangogogodabe pamwamba, lata lapamwamba n'kumandinamiza.

Chilimwe chitafika tinawotcha njerwa, makoma n'kukwera. Simenti sindinaikwanitse, tinamanga ndi dothi monga amachitira aliyense kwathu kuno. Khoma ladothi ndi lolimba likavala chipewa. Likakhala mutu pamtunda, mvula imalidya ngati chigumu m'tiyi. N'chifukwa chake timamanga mu Okutobala n'kukhoma denga mitambo isanasonkhane. A Loyce ankalowa m'nyumba yopanda dengayo n'kumaloza poika mphasa, poika ndowa, ngati mtsikana.

Mmisiri, a Japhet, anakhoma mapaso, n'kunena kuti titulutse malata. Ndinadula waya, ndinavundukula ziguduli. Tinanyamula loyamba, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Pansi pake matabwa.

A Japhet anavula kapu n'kukanda m'mutu. "A Benard, ena munasunga kwina?"

Ndinayang'ana Hopewell, amene anaima pakhomo. Sanathawe ayi. Analowa kuchipinda kwake, n'kutuluka ndi sokosi yakuda, n'kusolola wotchi.

"Ababa, musakwiye. Malata anu ali umu."

"Ali muti?"

"Umu. Ndipo achuluka kuposa mmene analili. Ndipatseni sabata imodzi, mudzakhoma abuluu."

Ndinakweza dzanja kuti ndimumenye, koma linali lolemera ngati thabwa laliwisi, linangotsika lokha. A Loyce anakhala pansi padothi, osalira. A Japhet anatolera misomali yawo mwakachetechete.

"Tiye tikaigulitse," ndinatero. "Ndikufuna ndione ndi maso anga mmene denga limatulukira m'sokosi."

Tinatsika. Tinayambira kwa Kevin. Tinamupeza pakhonde la bala ina, mapazi pampando.

"Aaa, madala! Mwabwera ndi wamkulu wa kampani?"

"Kevin, ija yakwana nthawi," anatero Hopewell. "Uja bwana wa ku Lilongwe, muimbire. Kapena igule iweyo, ngakhale pamtengo womwe uja."

"Ine ndimagulitsa, aise, sindigula. Bwana uja anapeza ina. Komanso zinthu izi safulumira nazo. Sunga zaka zisanu, khumi, uona."

"Mvula ikubwera, Kevin."

"Nanga mvulayo ndine? Bokosi lake ndi mapepala uli nazo?"

"Sunandipatse."

"Ndiye zivutirapo. Opanda mapepala amaopa. Msika wake weniweni uli kunja, kuno anthu ndi otsalira."

Anayang'ana pamkono pake, n'kunena kuti ali ndi miting'i. Sanadzuke pampando paja.

Tinapita kwa a Sefu, kumene ndinagula malata onse aja. Anatilandira mwaulemu, anaitembenuza wotchiyo uku ndi uku, n'kuibweza.

"Achimwene, yokongola ndithu. Kaya ndi yeniyeni kaya ayi, ine sindidziwa, ndimadziwa misomali. Nthawi ya swala ndimamva kumzikiti. Ndikatenga ichi, ndidzagulitsa kwa yani? Bweretsani ndalama, bweretsani mbuzi, ngakhale nandolo, tikambirana."

Tinayenda m'maofesi. Bwana wina wa taye anatiseka, nati nthawi amaonera pafoni. Mphunzitsi wina wa kukoleji anatisunga chiimire akufotokoza mbiri ya mawotchi m'Chizungu, pomaliza anati malipiro sanalandire. Hopewell anakwera mpaka pamwamba paphiri kukadikirira azungu odzaona malo. Mzungu wina atangoiona anabisa manja kumbuyo, kuganiza kuti ndi yakuba. Amene anatchulako mtengo ndi mnyamata wina wa padepoti, ndipo mtengo wakewo sukanagula ngakhale malata awiri. Hopewell anakana, akuti kumeneko n'kutaya chuma.

Sabata imene anapempha inatha, inanso inatha. Kevin anabwerera ku Joni, foni yake inaleka kulira.

Mvula inabwera Lachinayi masana, ija yoyamba ndi mphepo. Tinathamanga ndi mapepala apulasitiki ndi ziguduli kuphimba pamwamba pa makoma, mphepo n'kumatilanda. Inagwa tsiku limenelo, inagwa mawa lake, inagwabe. Dothi la pakati pa njerwa linayamba kutsika ngati phala. Khoma lakumvuma linayamba kupendama, kenako linagona pansi lonse. Lina linatsatira. Hopewell anaima pamvula atagwira njerwa imodzi m'manja, ngati pali pomwe angaibwezere.

Malata anayi otsala aja ndinawasanjika padenga laudzu, pamwamba pa pogona a Loyce, n'kutsamiritsa ndi miyala. Sizinathandize. Chifuwa chinabwera choposa zaka zonse. Kuchipatala anati akapitiriza kugona pachinyezi tidzawataya. Achemwali awo a ku Malosa anabwera kudzawatenga, poti kwawoko nyumba ndi yamalata.

Tsiku lonyamuka, Hopewell anagwada pamatope, anagwira miyendo ya amayi ake.

"Amayi, ndakulakwirani. Ndinaba. Sindinabwereke, ndinaba."

"Dzuka, ukudetsa buluku," anatero, akutsokomola. "Ine ndakukhululukira. Koma chikhululuko sichitchinga mvula, mwanangu. Uwathandize bambo ako."

Mpaka lero ali ku Malosa. Akazi anga, amene ndinawalonjeza malata, akugona pansi pa denga la mwamuna wina. Alamu anga ndi munthu wabwino, sananenepo kanthu koipa, ndipo n'chimene chimandiwawa kwambiri. Ndikapita kukawaona amandipatsa mpando wabwino, mvula ikamalira padenga lawo ine n'kumayang'ana pansi.

Hopewell anasiya za ku Chikanda. Tsopano amakwera nane m'phiri, amacheka, amasenza. Nkhata imene ankachita nayo manyazi ili pamutu pake. Khosi linamutupa mwezi woyamba, sanadandaule. Tayambiranso kugula limodzilimodzi, koma lata limene ndinkagula ndi matabwa ochepa lero likufuna mtolo wonse, ndipo ine mphamvu zatha. Kaya a Loyce adzalowamo m'nyumba imeneyo, akudziwa ndi Mulungu. Anthu a mumpingo amati ndithokoze kuti mwana walapa. Ndathokoza. Koma olankhula choncho onse kwawo sikudontha.

Ena amandifunsa ngati wotchiyo ili yeniyeni kapena yabodza. Sindikudziwa, ndipo sizindikhudza. Mwina kunja kuli anthu amene amalemera nazo, anthu oti denga ali nalo kale, ndi anzawo oti angawagule. Ife kuno, yeniyeni ndi yabodza mtengo wake ndi umodzi, poti wogula palibe.

Tsono inu achinyamata, imvani, sindibwereza. Chinthu si chuma chifukwa wogulitsa wanena. Musanagule, funsani kuti tsiku la mavuto adzakuguleni ndani, muone nkhope yake. Wina akakuuzani kuti sukuba ukubwereka, dziwani kuti amene wayankhulayo ndi Satana, ngakhale anunkhire bwanji. Kuba ndi kuba, ndipo kubera kholo lako ndi kudzigwetsera khoma wekha. Ndipo makolo anu akakhala osaphunzira, musayese kuti ndi zitsiru. Dyera la kulemera msanga ndi manyazi a ntchito ya manja, ziwirizi n'zimene zinagwetsa nyumba yanga.

Wotchi ija ilipo. Hopewell anaikoloweka pamsomali pafupi ndi chitseko, m'kajumbo kuti isanyowe, akuti aziiona potuluka m'mawa uliwonse. Kevin anati mtundu umenewu umayenda ukamavalidwa. Palibe amene amaivala, ndiye inaima kalekale. Pansi pake pali beseni, ndipo chimene chimatiwerengera nthawi m'nyumba muno ndi madontho.