Mpando Wopanda Chingwe

Kampira anali mtsikana wosakhazikika. Ankangodumphadumpha ngati mpira. N'chifukwa chake amayi ake anamutcha Kampira.

Kampira ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona galimoto ya mtsogoleri woyamba wa dziko lawo. Mtsogoleriyo anamwalira kalekale. Koma nyumba yake amaisungabe. Galimoto yake amaisunga kuseri kwa nyumbayo.

Tsiku lina amayi anavomera kupita naye. Anabereka khanda kumbuyo. Anakwera basi. M'basimo munalibe malo. Anaimirira njira yonse. Pachipata panali mzere wautali. Anaimiriranso.

Polowa m'nyumbamo, amayi anali atatopa. Mapazi anali atatupa. Khanda linayamba kulira.

"Mlongo wakoyu akufuna kuyamwa," anatero amayi. "Ndipezere pokhala. Apo ayi, tibwerera."

"Nanga galimoto, amayi?"

"Galimoto sikulira. Akulira ndi mwana."

Pabalaza panali mipando yambiri. Inali yaikulu. Inali yofewa. Koma kutsogolo kwake kunali chingwe chofiira. Pafupi ndi chingwecho panaima mlonda.

"Amalume, amayi anga akhale apa?" anafunsa Kampira.

"Ayi, mwana wanga. Apa pankakhala alendo a mtsogoleri."

"Abwera lero?"

"Sabweranso."

Analowa m'chipinda cha mabuku, mlonda akuwatsatira. Munali mpando umodzi. Panalinso chingwe. Analowa m'chipinda chodyera. Mipando inazungulira tebulo. Panalinso chingwe. Ngakhale bedi linali ndi chingwe chake.

"Amalume, nanga inu mumakhala pati?" anafunsa Kampira.

"Ine sindikhala," anatero mlonda, akusisita bondo. "Ndimalondera mipando choimirira."

Amayi anausa moyo.

"Mipando ikupuma, anthu tili chilili," anatero. "Tiye kwathu, Kampira. Miyendo yakana."

Kampira anasiya kudumpha. Anayenda pang'onopang'ono. Iye ndi amayi anatulukira khomo lakuseri.

Pakhonde panali mayi wina wantchito. Anali atamaliza kukolopa. Ndowa yake inalibe madzi. Kampira anaiyang'ana ndowayo. Anaiyang'ananso.

"Azakhali, ndowa iyi ndi ya mtsogoleri?"

"Iyi? Ndi yokolopera ine."

"Ili ndi chingwe?"

Mayiyo anaseka. "Ilibe. Tenga, mwana iwe."

Kampira anatembenuza ndowa. Anaiika pamthunzi. Anaipukuta ndi dzanja.

"Amayi, mpando uwu."

Amayi anakhala. Ndowa inalira pang'ono, koma inapirira. Amayi anavula masilipasi. Anatambasula miyendo. Khanda linayamwa. Linayamwa, linayamwa, mpaka linagona.

"Tsopano kaone galimoto yakoyo," anatero amayi. "Usapite patali."

Sipanali patali. Galimoto inali kuseri kwa mtengo. Inali yakuda. Inali yaitali. Inkawala ngati yasamba kumene. Nayonso inali ndi chingwe. Kampira sanadandaule. Anadziona pachitseko chake chowala. Anadumpha. Kampira wa pachitseko nayenso anadumpha.

Amayi atanyamuka, mlonda anasuzumira pakhomo. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anakhala pandowa paja.

"Pang'ono pokha," anatero.

Madzulo anafika kunyumba. Kampira anatenga chingwe choyanikira zovala. Anachimanga pampando wabwino wa pabalaza.

Bambo anabwera kuchokera kuntchito. Nawonso anali atatopa. Analunjika pampando uja.

"Ayi, ababa," anatero Kampira. "Simukuona chingwe? Uwu ndi wa amayi."

"Nanga ine ndikhale pati?"

Kampira anathamangira panja. Anabwera ndi ndowa. Anaitembenuza.

Bambo anakhala pandowa akupukusa mutu. Amayi anaseka. Ananyamula chingwe, anakhala pampando wawo. Kampira anakwera pamiyendo pawo. Tsiku limenelo sanadumphenso.