Mizere Ingati, Duwa Langa?

Anakumana pa siteji ya minibasi ku Chawama, komboni ya mu Lusaka, m'zaka zija foni ya m'manja inali ya mabwana okha. Warda, mwana wa ba Hatibu atelala, anaona mnyamata atakweza foni m'mwamba ngati akuthyola mango.

"Imwe, foni yadwala?" anafunsa akuseka.

"Iyayi. Ndine Kapembwa, wa ku yunivesite. Nipima mphamvu ya netiweki m'makomboni, nidziwe pamene igwira na pamene ithawa."

Mano oyera aja! Warda anaiwala ndi ulusi umene anamutuma.

Sabata isanathe, Kapembwa anamupatsa foni. "Nikakutumira uthenga uyankhe msanga. Uniuze pamene uli, na mizere ya netiweki imene uona. Nifuna kudziwa kuti mawu anga akufika."

Basi, mwana wa eni ake anasiya kukhala pansi. Eyiti koloko, thwelofu, folo koloko, foni inkalira: "Duwa langa, uli kuti? Mizere ingati? Mtima wanga sukhazikika."

"Nili pa pompi, iwiri."

"Kuseri kwa mzikiti, umodzi."

Netiweki ikathawa, ankathamangira pa chulu, mtima uli phaphapha. Nanga munthu wokufunsa katatu pa tsiku, si chikondi chimenecho? Kapembwa akati, "Mawa ukanikumbukire kumsika," Warda ankapita kumsika ngakhale analibe chogula.

Ba Hatibu sanakondwe. "Mnyamata uyu sapemphera nafe. Uzatichititsa manyazi."

"Baba, muzamuona. Ni munthu wachilungamo."

Analira masabata awiri mpaka bambo ake anafewa. Kapembwa naye analonjeza: "Loweruka nizabwera na amalume." Ba Hatibu anaitana abale a ku Kanyama, nadzisokera mkanjo watsopano.

Lachisanu Warda anakwera minibasi kupita m'tauni kukagula mpango. Pa Misisi panakwera mtsikana wina, nakhala pambali pake. Thwelofu itakwana, mafoni awiri analira pamodzi.

Warda anasuzumira pa foni ya mtsikanayo. Mawu omwewo! Ngakhale duwa lomwelo!

"Nanunso ni ba Kapembwa?" anatero mtsikanayo. "Ndine Chrissie. Ine ninaziba kale, mwana. Tilipo khumi na awiri, komboni iliyonse na duwa lake. Nisungira foni chabe."

Warda sanagule mpango. Anafunsa njira mpaka anapeza chipinda cha kafukufuku ku yunivesite. Pakhoma panali mapu a Lusaka obayidwa mapini. Komboni iliyonse ndi nambala yake: Matero, Kalingalinga, George. Pa Chawama panalembedwa "Nambala 7", ndipo pompi, chulu, msika ndi mzikiti zonse zinali pomwepo. Mapazi ake onse a miyezi itatu!

Kapembwa atamuona anaimirira, pakamwa pali yasa.

"Ba Kapembwa, ine ndine nambala seveni?"

"Mvetsera, Warda. Poyamba ninapatsa anyamata mafoni, sanali kuyankha. Kafukufuku anafuna kufa. Koma iwe ndiwe wosiyana, nilumbira! Palibe anayankha mokhulupirika monga iwe."

"Mawa mubwera kwa baba?"

Mnyamatayo anayang'ana pansi, manja m'thumba. Mtima wa Warda unapweteka ngati wapondedwa. Adzawauza chiyani abale a ku Kanyama? Nanga mkanjo uja?

Pomwepo folo koloko inakwana. Kompyuta ya pakona inaphethira, foni ya Warda n'kulira. Manja a Kapembwa anali akadali m'thumba.

Kani ngakhale mawu aja sankalemba ndi iye!

Warda anawerenga mokweza, misozi ili chuchuchu: "Duwa langa, uli kuti? Mizere ingati?"

Anaika foni patebulo pang'onopang'ono.

"Nili pano pamaso panu. Mizere yonse inayi. Lembani m'buku lanu."

Anatuluka osacheuka, kukakwera minibasi ya ku Chawama, kumene bambo ake anali akusita mkanjo.