Nsalu ya Chidindo Chofiira

Ana inu, chikondi china chimayamba ndi mopu. Cha Tiyanjane, mwana wa mchimwene wanga, chinayamba choncho.

M'mawa wina anagwada pakhonde la loji ina ku Senga Bay, pomwe amayi ake amachapa zovala za alendo, akulemba pasimenti ndi kaburashi koviika m'madzi. Inki amaisunga, ndi yodula. Zilembo zake zinali za Chitchaina chakale, chija eni ake omwe amachita kuchikhalira m'kalasi. Kelvin, mnyamata woperekera zakudya, anangofika n'kukolopa zonse.

"Achimwene! Mwandifufutira mawu a makolo a eni!"

"Pepani achemwali. Ndimayesa padutsa nkhuku yonyowa."

Anaseka onse. Mwezi usanathe zinali kale za "duwa langa" ndi "mtima wanga", foni kutentha ngati mbaula.

Koma Tiyanjane, amene Chitchaina anachiyambira ku yunivesite, anali atapeza mwayi wa maphunziro olipiriridwa ku China, pansi pa bungwe lothandiza ofufuza chinenero ndi miyambo yamakedzana ya kumeneko. Zaka zitatu, kukawerenga zimene anthu ankalemba pa timapande ta nsungwi mapepala asanabwere. Nsungwi zomwezi ife timalukira malichero!

"Ndikane, Kelvin? Ukati ndisapite, sindipita."

"Pita, duwa langa. Ndikudikira ngakhale nyanja itaphwa, anthu n'kumapita kutsidya wapansi."

Anam'patsa ndolo ngati chikole. Mtsikana anazivala akulira.

Kutali kuja anthu anamufuna, iye osacheuka. Chaka chitatha anagula nsalu yoyera ya silika, nalembapo lonjezo lake m'zilembo zakale zija. Pakona anadinda chidindo chofiira chimene anasema yekha pa kamwala, dzina lake, monga ankachitira ophunzira akale pa chinthu chimene sadzachikana. Anaitumiza kwa Kelvin.

Uthenga unabwera: "Yafika, mtima wanga. Ndikugona nayo pachifuwa."

Kenako mauthenga anayamba kuwonda. "Netiweki, duwa langa." Kodi simudziwa kuti netiweki ya kuno imadwala mwamuna akaona wina?

Atamaliza, Tiyanjane anabwera osanena, kuti amudzidzimutse. Anatsika minibasi, chikwama m'manja, ndolo zili m'makutu. Podutsa pomwe amayanika usipa, anaima. Mayi wina anali atabereka khanda, atalifunditsa nsalu yoyera kuopa dzuwa. Pakona, kofiira.

"Zikomo mayi. Nsalu yokongolayi munagula kuti?"

"Yogula? Ayi, ndi chikole changa ichi!" mayiyo anamwetulira. "Bambo a mwanayu anachita kuitanitsa ku China. Kofiiraka akuti ndi dzina langa, Sandra."

Tiyanjane anagwira kakonako. Kamzere kamodzi kanali kokhota, pomwe mpeni unamuterereka n'kumucheka chala posema. Chipsera chilipobe.

Nthawi yomweyo Kelvin anatsika pakabaza, atanyamula botolo la mankhwala a mwana. Anauma ngati usipa womwewo.

"Du... Tiyanjane! Wabwera liti?"

"Mukudziwana?" Sandra anafunsa. "Ndinu aja amati akuphunzira ku China? Eya, tandiwerengereni! Awa amangoti ndi mawu achikondi."

"Tiyanjane, chonde," Kelvin ananong'ona. "Ndimati n'zokongoletsa chabe. Ndani kuno akanawerenga?"

Ndani? Funso limenelo ndi limene linamupha mtima mwana wa mchimwene wanga. Anayang'ana khanda lija, likugona osadziwa kanthu, nalozera chilembo chimodzichimodzi.

"Palembedwa kuti, 'Ndine wako mpaka imvi.' Amene analemba sankanama, mayi. Koma kofiiraka si Sandra. Ndi Tiyanjane."

Sandra anachotsa nsaluyo pamutu pa mwana pang'onopang'ono.

"Ayi, mufunditseni," anatero Tiyanjane. "Dzuwa silidziwa kuti walakwa ndani."

Anavula ndolo, nazitsekera m'dzanja la Kelvin pamodzi ndi botolo lija. Sanatukwane. Ine ndikanatukwana mpaka ku Lifuwu akanamva, koma iye anangonyamula chikwama chake n'kumapita.

M'mawa mwake ndinam'peza atagwada pakhonde panga, kaburashi m'manja, akulemba mawu omwe aja ndi madzi. Sindinakolope. Tinakhala tonse awiri mpaka mawuwo anauma okha.